Mafunso ndi Mayankho: Njinga Yopanda Mabuleki ndi Ntchito ya Ivan Mauger

Mwezi uno talandira makalata angapo okhudza nkhani imene sitinaikambepo m'danga lino, ya mpikisano wa njinga zamoto wotchedwa speedway. Tawaika pamodzi chifukwa yankho la funso lina likuthandiza kumvetsa linzake, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

*Akonzi, ine ndimakhala ku Gorton mumzinda wa Manchester, ndipo pafupi ndi kwathu pali bwalo limene madzulo ena kumamveka phokoso la njinga zamoto ngati mabingu. Mwana wanga wamwamuna anapitako ndi anzake akusukulu, ndipo anabwera akunena kuti njingazo zilibe mabuleki. Ine ndinamutsutsa. Kodi mwanayu akunena zoona?*
Mayi wa ana atatu, Manchester

Mayi, mwana wanu wanena zoona. Bwalo mukunenalo ndi National Speedway Stadium, limene linatsegulidwa mu 2016, ndipo ndi kwawo kwa timu ya Belle Vue Aces imene yakhala ikupikisana mumzindawo kuyambira mu 1928. Njinga ya speedway ilibe mabuleki ngakhale amodzi, ili ndi giya imodzi yokha, ilibe nyale kapena magalasi oonera kumbuyo, ndipo injini yake ya 500cc siimwa petulo koma mafuta otchedwa methanol. Malamulo salola kuti ipepuke kuposera makilogalamu 77, ndipo chifukwa cha kupepukako pamodzi ndi mphamvu ya injini, imanyamuka mwaliwiro loposa magalimoto ambiri amene timawaona pamsewu.

Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, lothiridwa dothi la miyala yoperapera, ndipo kutalika kwake kumakhala pakati pa mamita 260 ndi 425. Pa ndime iliyonse pamakhala okwera anayi amene amazungulira bwalo kanayi, nthawi zonse akukhotera kumanzere, ndipo zonse zimatha pafupifupi m'mphindi imodzi. Woyamba amapeza mapointi atatu, wachiwiri awiri, wachitatu imodzi, ndipo womaliza sapeza kanthu. Kuti anthu awasiyanitse ali patali, amavala zipewa za mitundu inayi: yofiira, yabuluu, yoyera ndi yachikasu.

Funso limene mayi aliyense angafunse ndi lakuti munthu amakhota bwanji pakona alibe mabuleki. Akafika pokhota, wokwerayo amapendeketsa njinga ndi kuiponya cham'mbali, kotero kuti tayala lakumbuyo limatsetsereka likupala dothi, pamene lakutsogolo walilozetsa kumanja ngakhale njinga ikukhotera kumanzere. Kutsetsereka kumeneko ndiko kumachepetsa liwiro. Phazi lamanzere amaliika pansi kuti limuchirikize, ndipo n'chifukwa chake pansi pa jombo yakumanzere amavala nsapato yachitsulo. Chodabwitsa n'chakuti akachita mantha n'kutsekeratu moto ali pakati pa kona, tayala lakumbuyo limaleka kutsetsereka, limagwira dothi, ndipo njinga imawongoka n'kulunjika kumpanda. Motero amene akufuna kukhota bwino ayenera kuwonjezera moto pamalo pamene mtima wa munthu umamuuza kuti achepetse. Mabuleki pamenepa akanakhala oopsa koposa, pakuti okwera anayi amalowa pakona atapanikizana zigongono, ndipo mmodzi akanati aime mwadzidzidzi, anzake atatu akanamuwomba kumbuyo. Chimene ali nacho m'malo mwake ndi kachingwe komangirira padzanja, kamene kamazimitsa injini munthu akangogwa.

Masewerowa anakula ku Australia m'zaka za m'ma 1920, ndipo ambiri amatchula mpikisano wa ku West Maitland mu 1923 ngati chiyambi chake. Anafika ku England mu 1928, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Wembley mu 1936, kumene anapambana Lionel Van Praag wa ku Australia.

*Ndinaona pa intaneti chithunzi cha munthu wa ku New Zealand dzina lake Ivan Mauger, ndipo pansi pake analemba kuti ndiye mfumu ya speedway. Kodi dziko la anthu ochepa, lotalikirana ndi ku Ulaya chotere, linatulutsa bwanji munthu ngati ameneyu, ndipo iye anafika bwanji pamenepo?*
Bambo wopuma pantchito ya uphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, funso lanu ndi limene landipatsa mpata wonena zimene ndimazikonda pa masewerowa, choncho mundilole ndiliyankhe motalikirapo. Dzinalo limalembedwa Mauger koma potchula amati Meja. Anabadwa pa 4 Okutobala 1939 mumzinda wa Christchurch, ndipo mzinda umenewu ndiwo theka la yankho la funso lanu. Ronnie Moore, amene anabadwira ku Tasmania koma anakulira ku Christchurch, anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1954 ndi mu 1959. Barry Briggs, wa mumzinda womwewo, anapambana mu 1957, 1958, 1964 ndi 1966. Mnyamata wokulira kumeneko ankaona ndi maso ake anthu a kwawo akuyambira pabwalo la ku Aranui, akukwera sitima ya pamadzi kupita ku England, n'kubwerako ndi zikho. Mukaphatikiza za anthu atatuwa, mzinda umodzi unatenga ulemu wa dziko lonse ka 12 pakati pa 1954 ndi 1979.

Koma Mauger sanayambe ngati anzake awiriwo. Mu 1957, ali ndi zaka 17 ndiponso atangokwatira kumene mkazi wake Raye, anapita ku London kukalowa timu ya Wimbledon kumene Moore ndi Briggs anali kale akatswiri. Kumeneko malo m'timu sanapezeke. Ankagwira ntchito yosamalira bwalo kuti apeze chakudya ndi lendi, ndipo njinga ankaikwera makamaka m'timipikisano ta ongoyamba kumene, tochitika masewero enieni atatha, anthu ambiri akunyamuka kupita kwawo. Patatha zaka ziwiri anabwerera kwawo wopanda dzina, wopanda ndalama, ali ndi banja lofunika kulidyetsa. Anyamata ambiri amene anapita ku England nthawi imeneyo nkhani yawo inathera pomwepo.

Iye anakhala zaka zinayi akupikisana m'mabwalo a ku New Zealand ndi ku Australia, makamaka pa Rowley Park mumzinda wa Adelaide. Kumeneko anakumana ndi Jack Young, amene anali katswiri wa dziko lonse mu 1951 ndi 1952, ndipo Mauger ankanena poyera kuti malangizo a mkuluyu ndiwo anasintha kaganizidwe kake. Mfundo yake inali yakuti chikho sachitenga munthu wothamanga kwambiri usiku umenewo, koma amene pomaliza wasonkhanitsa mapointi ambiri, ndipo kuti munthu asonkhanitse mapointiwo ayenera kusamala njinga yake kuti imufikitse kumapeto kwa ndime iliyonse. Akuluakulu athu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo zaka zinayi zimenezo, zimene ena akanaziona ngati zotayika, ndizo zinamupanga kukhala munthu amene dziko linadzamudziwa.

Mu 1963 Mike Parker, amene ankayendetsa timu ya Newcastle Diamonds, anamuitana kuti abwererenso ku England. Timuyo inali mu ligi yaing'ono, koma Mauger anavomera kuyambiranso pansi, ndipo anakhala wokwera wopambana onse mu ligiyo mu 1963 ndi 1964. Mu 1966 anafika koyamba mu ndime yomaliza ya mpikisano wa dziko lonse ku Gothenburg m'dziko la Sweden, n'kukhala wachinayi. Chaka chotsatira ku Wembley anakhala wachitatu. Kuyambira 1966 mpaka 1979 sanaphonyeko ndime yomalizayi ngakhale chaka chimodzi, ndiye kuti anafikamo ka 14 motsatizana.

Kuti timvetse kukula kwa zimenezi, tiyenera kudziwa mmene katswiri ankapezekera masiku amenewo. Chikho chinkaperekedwa pa usiku umodzi wokha. Okwera 16 ankapikisana m'ndime 20, aliyense ankatuluka kasanu ndi kukumana ndi mnzake aliyense kamodzi, ndipo mapointi ochuluka amene munthu akanapeza anali 15. Tcheni chikaduka kamodzi, kapena munthu akachedwa kunyamuka ndi kamphindi kochepa pa ndime imodzi, ntchito ya chaka chonse inkathera pomwepo. Apa ndi pamene Mauger ankaposa anzake. Pa speedway okwera amaima pamzere kumbuyo kwa malamba opingasa, ndipo malambawo akangokwezedwa amasiya klatchi nthawi imodzi. Amene wafika pakona yoyamba ali patsogolo amasankha njira imene akufuna, ndipo anzake amatsala akumwa dothi lochokera kutayala lake. Mauger anasandutsa kanyamukidwe kameneka kukhala phunziro la moyo wake wonse. Ankayang'anitsitsa dothi la pamalo amene wapatsidwa, ankasamala klatchi ndi injini zake ngati mmene mlimi amasamalira mbewu yodzabzala, ndipo ankafika pabwalo atakonzeratu zonse zimene munthu angathe kukonzeratu.

Mu 1968 anapambana ku Gothenburg ndi mapointi onse 15. Mu 1969 anapambananso ku Wembley, ndipo mu 1970 anatenga chikho kachitatu motsatizana ku Wrocław m'dziko la Poland, atapambananso ndime zake zonse zisanu pamaso pa khamu limene linkachemerera anyamata a kwawo, Paweł Waloszek ndi Antoni Woryna, amene anakhala wachiwiri ndi wachitatu. Panalibe munthu amene anachitapo zimenezi kale. Mu 1971 anagonja kwa Ole Olsen wa ku Denmark, mnyamata amene Mauger yemweyo anamuthandiza kulowa timu ya Newcastle ndi kumuphunzitsa ntchito. Mu 1972 ku Wembley anafanana mapointi ndi Bernt Persson wa ku Sweden, ndipo anamugonjetsa pa ndime yapadera yowalekanitsa.

Chaka cha 1973 ndicho chimandikhudza kwambiri. Ku Chorzów m'dziko la Poland, pamaso pa khamu limene ambiri amati linali lalikulu koposa m'mbiri ya masewerowa, Mauger anafanana mapointi 13 ndi Jerzy Szczakiel wa ku Poland, munthu amene ochepa ankamuganizira kuti angapambane. Pa ndime yowalekanitsa, Szczakiel ndiye ananyamuka bwino, ndiye kuti anamenya mwini luso ndi ndodo yake yomwe. Mauger, pofuna kumupitirira msanga, anagundana naye n'kugwa, ndipo Szczakiel anakhala munthu woyamba wa ku Poland kutenga chikhocho. Munthu amene anamanga ntchito yake yonse pa kudekha anataya chikho tsiku limene anapupuluma. Mu 1974 anakhalanso wachiwiri, ndipo zaka ziwiri zotsatira sanafike m'gulu la atatu oyamba, moti anthu anayamba kunena kuti nthawi yake yatha, popeza anyamata ngati Peter Collins wa ku England anali atatulukira. Koma mu 1977, ali ndi zaka 37, anapambana ku Gothenburg pa bwalo lonyowa ndi mvula, n'kufanana ndi Ove Fundin wa ku Sweden amene anali ndi zikho zisanu. Mu 1979, ali ndi zaka 39, anabwerera ku Chorzów komwe anagwa kuja, ndipo anatengako chikho chake cha nambala 6. Chaka chomwecho anatsogolera timu ya New Zealand kupambana chikho cha matimu a mayiko ku White City mumzinda wa London.

M'maligi a ku Britain anathandiza Belle Vue kukhala akatswiri mu 1970, 1971 ndi 1972, kenako Exeter mu 1974, ndipo pambuyo pake anakwerera timu ya Hull. Anapambananso katatu mpikisano wa dziko lonse wa mabwalo ataliatali, mu 1971, 1972 ndi 1976. Ndiyenera kunena kuti si onse oonera amene ankamukonda. Ena ankati amapambanira pamzere woyambira ndipo saonetsa kulimbana kumene anthu amalipirira pakhomo, ndipo ankakonda okwera amene amachedwa kunyamuka n'kumapitirira anzawo mochititsa nthumanzi. Ine ndimawamvetsa anthu amenewa, koma sindigwirizana nawo, chifukwa ntchito ya wokwera njinga amene akudyetsa banja ndi kupambana lero ndi kudzakhalanso wamoyo ndi wamphumphu sabata yamawa, ndipo Mauger anachita zimenezo kwa zaka pafupifupi 30. Anasiya kupikisana pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo anamwalira pa 16 Epulo 2018 ku Gold Coast m'dziko la Australia ali ndi zaka 78. Tony Rickardsson wa ku Sweden anadzafika pa zikho 6 mu 2005, koma zambiri mwa izo anazipeza pansi pa dongosolo latsopano la Grand Prix limene linayamba mu 1995, mmene katswiri amapezeka pophatikiza mapointi a mipikisano ya chaka chonse, osati a usiku umodzi.

*Kodi n'zoona kuti pali njinga ya speedway yokutidwa ndi golide?*
Mtsikana wa Fomu 3, Mzuzu

N'zoona, mwanawe, ndipo ndi ya Mauger yemweyu. Anthu awiri a ku America okonda masewerowa, George Wenn ndi Ray Bokelman, analonjeza kuti akapambana kachitatu motsatizana mu 1970 adzaikuta ndi golide njinga imene wapambanirayo. Atapambana ku Wrocław, njinga yake ya mtundu wa Jawa, yopangidwa ku Czechoslovakia, inatumizidwa ku America, ndipo zitsulo zake zinakutidwa chimodzichimodzi. Njingayo inadzakhala m'manja mwa Canterbury Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda wa kwawo wa Christchurch.

*Makolo anga anachokera ku Dedza koma ine ndinabadwira kuno. Ndili mwana ndinkamva phokoso la njinga kuchokera ku bwalo la chionetsero, ndipo akuluakulu ankati ndi speedway. Kodi ndi masewero omwewa, kapena ndikusokoneza?*
Agogo a ku Bulawayo

Agogo, simukusokoneza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, dziko lanu likutchedwa Rhodesia, speedway inkachitika ku Bulawayo ndi ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, ndipo okwera ena a ku Britain ankabwera kudzapikisana m'miyezi imene kwawo kukuzizira ndipo mabwalo atsekedwa. Mmodzi mwa anyamata a m'dzikolo, Peter Prinsloo, anapita ku England ndipo anakwerera timu ya Exeter m'zaka zimene Mauger analinso komweko. Ku South Africa masewerowa anayamba kale kuposa apo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ankakoka anthu ambiri pa bwalo la Wembley la ku Johannesburg. Tisabise kuti m'mayiko awiriwa, malinga ndi malamulo ndi chuma cha nthawi imeneyo, amene ankakwera njingazo anali azungu, ndipo mwana wa munthu wakuda ngati inu ankangomva phokoso ali kunja kwa mpanda. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene masewerowa sanazikire mizu kuno kummwera kwa Africa, pakuti azunguwo atachepa kapena kutaya chidwi, panalibe m'badwo wa eni dziko umene unaphunzitsidwa kuti upitirize.

*Kodi okwera njingawa amalandira malipiro a pamwezi ngati osewera mpira? Ntchitoyi imalemeretsa?*
Wowerengera ndalama, Blantyre

Bambo, wokwera speedway amafanana kwambiri ndi munthu wa bizinesi yakeyake kusiyana ndi wosewera mpira. Njinga ndi zake, injini ndi zake, galimoto yonyamulira katundu ndi yake, ndipo makaniko amamulipira yekha. Kalabu imamulipira makamaka potengera mapointi amene wapeza usiku umenewo, kuwonjezera pa zimene agwirizana posaina, ndipo zotsalazo amazipeza kwa makampani amene amaika mayina awo pa zovala ndi pa njinga yake. Injini iliyonse ikagwira ntchito ndime zowerengeka imayenera kutumizidwa kwa katswiri woikonza, ndipo wokwera wapamwamba amakhala ndi injini zingapo zokonzedwera mabwalo osiyanasiyana. Akavulala kapena mvula ikalepheretsa masewero, mapointi palibe, koma makaniko ndi wokonza injini amafunabe zawo. Ku Britain kulinso lamulo lakuti mapointi a okwera onse a timu imodzi akaphatikizidwa asapitirire malire oikika, n'cholinga choti matimu akhale ofanana mphamvu, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu akhoza kusowa malo chaka chotsatira chifukwa choti anachita bwino kwambiri chaka chatha.

Nyengo ya mipikisano ku Ulaya imayamba cha mu Malichi n'kutha cha mu Okutobala, ndipo kuti ndalama zikwane okwera ambiri amasaina m'maligi a mayiko awiri kapena atatu nthawi imodzi. Munthu mmodzi akhoza kupikisana ku England Lolemba, ku Sweden Lachiwiri, ndi ku Poland Lamlungu, akugona m'galimoto ndi m'mabwalo a ndege. Masiku a Mauger mtima wa masewerowa unali ku Britain, ndipo iye ankawonjezera popita ku Germany kumapeto a sabata ndiponso ku Australia ndi New Zealand m'miyezi yozizira ku Ulaya. Lero mtimawo uli ku Poland, kumene masewerowa amawatcha żużel, ndipo m'mizinda ngati Gorzów, Toruń, Leszno, Zielona Góra ndi Lublin anthu amadzaza mabwalo ngati mmene timadzazira kuno pa masewero akuluakulu a mpira. Kumeneko ndi kumene kwatuluka Bartosz Zmarzlik, amene anayamba kutenga chikho cha dziko lonse mu 2019 ndipo wachitenganso kangapo kuchokera pamenepo. Ochepa a pamwamba ngati ameneyu amapeza bwino ndithu, koma ambiri a m'maligi aang'ono amagwira ntchito zina m'miyezi yopuma kuti alipire ngongole za njinga. Maulendo enieniwo ali ndi zoopsa zake: mu Julayi 1970, anthu 6 a gulu la timu ya West Ham anafa pa ngozi ya pamsewu ku Lokeren m'dziko la Belgium akuchokera kokapikisana ku Netherlands.

*Ndine mnyamata wa zaka 22 ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Anzanga a pasiteji amati palibe wondiposa pothamanga ndi pokhota. Ndaonera speedway pa foni ndipo mtima wanga uli pomwepo. Kodi ndingayambire pati?*
Wakabaza, Lilongwe

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo ndikuyankhani mosabisa chifukwa ndikufuna kuti mudzawerengenso danga lino chaka chamawa muli bwino. Kuno kwathu kulibe bwalo la speedway, kulibe ligi, ndipo njinga zake sizigulitsidwa. Okwera amene mukuwaona pa foniwo ambiri anayamba ali ana, pa tinjinga ta injini zazing'ono, makolo awo akuwanyamula kupita kumabwalo sabata iliyonse, ndipo pofika zaka 15 kapena 16 anali atakwera kale njinga ya 500cc. Pa zaka 22 munthu amakhala atadutsa kale msinkhu wa mipikisano ya achinyamata, imene imalekezera pa zaka 21. Kuti mupikisane kunja mufunika chiphaso chochokera ku bungwe la masewero a njinga zamoto lovomerezeka ndi FIM, limene limayang'anira masewerowa pa dziko lonse, ndipo malo apafupi kumene anthu akhala akukwera njinga zotere kwa zaka zambiri ndi ku Walkerville, kummwera kwa Johannesburg. Njirayo ndi yopapatiza kwambiri ndiponso yodula, ndipo kungakhale kukunamizani kunena kuti luso la pasiteji lingakufikitseni ku Poland.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi mawu a anzanuwo. Luso la speedway ndi kuthamanga pamsewu wa mumzinda ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu. Pa bwalo onse amapita mbali imodzi, palibe minibasi yoima mwadzidzidzi, palibe mwana wodutsa, palibe pasinjala kumbuyo, ndipo masewero saloledwa kuyamba ngati palibe ambulansi ndi achipatala. Wokwera amavala chipewa cholimba chophimba nkhope, zovala zosang'ambika msanga, ndi zotetezera msana, ndipo m'makona a mabwalo akuluakulu anaikamo mipanda yopopedwa mpweya. Ngakhale zili choncho, walira mvula walira matope. Erik Gundersen wa ku Denmark, katswiri wa dziko lonse katatu, anavulala koopsa ku Bradford mu 1989 ndipo sanapikisanenso. Per Jonsson wa ku Sweden, katswiri wa mu 1990, anafa ziwalo atagwa ku Poland mu 1994. Lee Richardson wa ku England anamwalira atagwa ku Wrocław mu 2012, ndipo Darcy Ward wa ku Australia, amene ambiri ankamuona ngati katswiri wamtsogolo, anavulala msana ku Zielona Góra mu 2015 ali ndi zaka 23 ndipo sanayendenso. Amenewa anali anthu odziwa ntchito yawo, otetezedwa ndi zambiri mwa zimene ndatchulazi. Inu mukatsetsereketsa tayala lakumbuyo pa tara mutanyamula mayi wochokera kumsika, mulibe ngakhale chimodzi mwa zotetezazo, ndipo mayiyo sanavomere kulowa nawo mpikisano.

Komabe sindikufuna kuti chikondi chanu pa njinga chizime, pakuti m'masewerowa muli ntchito ina imene ili pafupi ndi inu kuposa mmene mukuganizira. Kumbuyo kwa wokwera aliyense kuli makaniko amene pakati pa ndime ina ndi inzake amakhala ndi mphindi zochepa zoti aziziritse ndi kukonza klatchi, asinthe sipuroketi yakumbuyo malinga ndi mmene dothi lasinthira, akungitse tcheni, ndi kusintha kamwedwe ka mafuta a injini. Anthu amenewa amalemekezedwa kwambiri, ndipo luso lawo limayambira pa zinthu zimene mungaphunzire pa njinga yanu yomweyo kapena pa sukulu ya ntchito zamanja, ndipo ndi luso limene lingakudyetseni kuno komwe njinga za kabaza zikuchulukirachulukira. Ngati mulibe laisensi yoyendetsera njinga, yambani ndi imeneyo, ndipo mugule zipewa ziwiri, chanu ndi cha pasinjala. Mukadzaoneranso speedway pa foni, mufufuze pa YouTube mafilimu akale a mipikisano ya Mauger ya m'ma 1970, ndipo musathamangire kuona pamene akukhota. Muyang'ane zimene akuchita malamba asanakwezedwe, mmene akupondera dothi la pamalo ake, mmene wakhalira pa njinga, ndi zala za dzanja lake lamanzere pa klatchi.